KUBVEKA MASELO A MAGAZI CHOBVALA: KODI MAGAZI OYENERA ALIYENSE ADZAPEZEKA?

Gawo Lachitatu la nkhani zathu za Sayansi ndi Umoyo

M'gawo lapitalo tinakambirana za m'mene magazi amayendera m'thupi ndi ntchito zimene amagwira. Lero tifuna tione bvuto limene lakhala likusautsa madokotala kwa zaka zoposa 120, ndilo lakuti magazi a munthu mmodzi sangathiridwe mwa munthu wina aliyense mwachisawawa. Aliyense amene anadikirirapo matenda m'chipatala adziŵa m'mene mtima umadumphira pamene namwino atuluka ndi mawu akuti magazi alipo, koma a gulu la wodwala wanu atha. Mayi amene wataya magazi ambiri pobereka, kapena mwana amene malungo am'tha magazi, sangathe kudikira mpaka maŵa.

M'mwezi wa October 1925 nkhani ngati iyi ikadamveka ngati nthano, koma m'mwezi wa October 2025 akatswiri a ku Canada ndi ku China analengeza kuti anatenga impso ya munthu wa gulu A naisandutsa kukhala ngati ya gulu O, kenaka naiika mwa munthu amene ubongo wake unali utafa kale, abale ake atabvomereza. Impsoyo inagwira ntchito masiku aŵiri thupi osaikana, ndipo pa tsiku lachitatu zizindikiro zina za gulu A zinayamba kubwerera. Nkhaniyi inadzutsa funso lakale lija: kodi tingathe kupanga magazi kapena ziŵalo zoyenera munthu aliyense? Pali njira ziŵiri zimene a sayansi akuyesa. Yoyamba ndiyo kumeta zizindikiro zimene zili pa khungu la selo, monga anachitira ndi impso ija. Yachiŵiri ndiyo kuzisiya zizindikirozo pamalo pake koma kubveka selo chobvala chozibisa. Nkhani yathu ya lero yagona makamaka pa njira yachiŵiriyi.

MAGULU A MAGAZI

Mu 1901, mumzinda wa Vienna m'dziko la Austria, dokotala wina dzina lake Karl Landsteiner anasakaniza magazi ake ndi a anzake ogwira nawo ntchito. Iye anaona kuti magazi a anthu ena akakumana amagwirana ndi kupanga timibulu, pamene a anthu ena amasakanizika bwinobwino. Mwa njira imeneyi anapeza magulu atatu amene lero timawatcha A, B ndi O, ndipo chaka chotsatira anzake anapeza gulu lachinayi la AB. Landsteiner analandira mphotho ya Nobel mu 1930, ndipo mu 1940 iye pamodzi ndi Alexander Wiener analengeza za chizindikiro china chotchedwa Rhesus. Chizindikiro chimenechi ndicho chimachititsa kuti tizinena kuti magazi a uje ndi O positive kapena O negative. Tsiku limene Landsteiner anabadwa, la 14 June, ndilo dziko lonse lapansi limakumbukira anthu opereka magazi.

Tsono n'chiyani chimene chimagwiranitsa magazi? Maselo ofiira a magazi ndi tinthu tating'ono kwambiri, kotero kuti pafunika kundandalika pafupifupi 130 kuti akwane milimita imodzi. Khungu la selo lililonse si losalala ayi. Lili ndi timapuloteni ndi timaunyolo ta shuga tosomphoka ngati ubweya, ndipo tina mwa timeneti ndi zizindikiro zimene thupi limadziŵira maselo ake, monga mwini khola adziŵira ng'ombe zake poona m'mene anazidulira makutu. Munthu wa gulu A ali ndi shuga wa mtundu wina kunsonga kwa kaunyolo kaja, wa gulu B ali ndi wa mtundu winanso, wa gulu AB ali ndi onse aŵiri, pamene wa gulu O alibe shuga wakunsongayo.

M'madzi a magazi muli timapuloteni toteteza thupi totchedwa antibody, timene m'nkhani ino tizititcha alonda. Munthu wa gulu A amakula ali kale ndi alonda odana ndi chizindikiro cha B ngakhale asanalandirepo magazi a wina, ndipo wa gulu O ali ndi alonda odana ndi A ndi B yemwe. Magazi olakwika akaloŵa, alonda amawagwira ndi kuwaphwanya, impso zimaleka kugwira ntchito, ndipo munthu akhoza kufa. Popeza maselo a gulu O alibe A kapena B, akhoza kupatsidwa kwa anthu a magulu onse, makamaka akakhala O negative. Ichi ndicho chifukwa chake magazi a gulu O ndiwo amayamba kutha m'nkhokwe za zipatala.

Koma nkhani sithera pa A, B ndi Rhesus. Lero akatswiri akudziŵa mabanja a zizindikiro za magazi oposa 40, ndipo zizindikiro zonse pamodzi zipitirira 300. Ena mwa mabanjawo ndi Kell, Duffy ndi Kidd. Munthu sabadwa ndi alonda odana ndi zizindikiro zing'onozing'ono zimenezi, koma akalandira magazi okhala ndi chizindikiro chimene iye alibe, thupi lake likhoza kuphunzira nkhope ya mlendoyo ndi kumkonzera alonda. Kwa munthu wolandira magazi kamodzi kokha pa moyo wake ichi sichidetsa nkhaŵa kwenikweni. Koma kwa odwala matenda a sickle cell, amene ena a iwo amathiridwa magazi kaŵirikaŵiri kuyambira paubwana, thumba lililonse likhoza kuwonjezera mdani watsopano, mpaka kufika posoŵa magazi owayenera m'dziko lonse.

Ana oposa 300,000 amabadwa ndi matenda ameneŵa chaka ndi chaka pa dziko lapansi, ndipo ambiri a iwo amabadwira mu Africa muno. Ku Britain ndi ku America bvutoli limakula chifukwa odwala ambiri ndi anthu akuda pamene opereka magazi ambiri ndi azungu, ndipo zizindikiro za magazi zimatsata mtundu ndi makolo. Mwachitsanzo, anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara alibe chizindikiro cha Duffy pa maselo awo ofiira, chinthu chimene chimawateteza kwambiri ku malungo a mtundu wa Plasmodium vivax, pamene azungu pafupifupi onse ali nacho. N'chifukwa chake bungwe losunga magazi ku England limadandaulira anthu akuda, kuphatikizapo abale athu okhala kumeneko, kuti azipereka magazi.

KODI POLIMA N'CHIYANI?

Aphunzitsi a sayansi adziŵa kuti polima ndi unyolo wautali wopangidwa ndi tizidutswa tofanana tolumikizana, monga mikanda pa ulusi. Sitachi imene ili mu ufa wa chimanga ndi polima. Ulusi wa thonje ndi polima, mphira ndi polima, ndipo majumbo apulasitiki nawonso ndi polima. Polima imene ikutikhudza pano imatchedwa polyethylene glycol, kapena PEG mwachidule. Imeneyi imasungunuka m'madzi, ndipo timakumana nayo m'mankhwala otsukira mano, m'mafuta odzola ndi m'mankhwala ena otsegula m'mimba. Khalidwe lake lalikulu n'lakuti kachidutswa kalikonse ka unyolo wake kamakoka madzi, kotero kuti unyolo wonse umakhala wokutidwa ndi madzi ndipo umangogwedezeka uku ndi uku kosaleka.

Mu 1977, pa yunivesite ya Rutgers ku America, Frank Davis ndi wophunzira wake Abraham Abuchowski anasonyeza kuti puloteni yochokera ku ng'ombe ikamangiriridwa maunyolo a PEG, thupi la nyama ina siliikana msanga ndipo imakhalitsa m'magazi. Alonda akafika amakumana ndi mtambo wa madzi ndi maunyolo ogwedezeka, ndipo amalephera kufika pa puloteniyo. Nzeru imeneyi inabala zipatso. Mu 1990 boma la America linabvomereza mankhwala oyamba otere, otchedwa Adagen, ndipo mu 1994 linabvomerezanso Oncaspar, mankhwala a khansa ya m'magazi imene imagwira ana. Apa funso linabuka lokha: ngati puloteni imodzi ingabisike motere, bwanji osabisa selo lathunthu lamoyo?

Yankho lotchuka linabwera mu 1997 kuchokera ku Albany Medical College m'chigawo cha New York, kumene Mark Scott, John Eaton ndi anzawo anamangirira PEG pa khungu la maselo ofiira. Anagwiritsa ntchito PEG imene nsonga yake imodzi inakonzedwa kuti izigwira kachidutswa kotchedwa lysine, kamene kamapezeka m'mapuloteni ambiri a pa khungu la selo. Maselo akabviikidwa m'madzi okhala ndi PEG yotere kwa kanthaŵi ndi kutsukidwa, amatuluka atabvala maunyolo zikwizikwi. Luso lagona pakuti chobvalacho chili ngati ukonde. Tinthu tating'ono monga mpweya wa okosijeni, shuga ndi mchere timadutsa popanda chobvuta, choncho selo limapitiriza ntchito yake, koma alonda, amene ndi mapuloteni akuluakulu, amatsekerezedwa kunja.

Zotsatira zake zinapatsa chiyembekezo. Maselo obvekedwa sanagwirane kwambiri pamene anasakanizidwa ndi alonda odana nawo, ndipo anapitiriza kunyamula mpweya. Maselo a nkhosa obvekedwa PEG anakhala nthaŵi yaitali m'magazi a mbeŵa zoyeserera kusiyana ndi maselo a nkhosa osabvekedwa, amene thupi la mbeŵa limawachotsa mwamsanga. Anthu ambiri anayamba kunena kuti magazi oyenera aliyense ali pafupi. Koma tikunena pano papita zaka zoposa 25, ndipo palibe chipatala chimene chimathira odwala magazi obvekedwa polima monga chithandizo cha masiku onse. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tione nyerere zake.

PAMENE NJIRAYI IKUPUNTHWA

Chopunthwitsa choyamba ndi kuchuluka kwa zizindikiro. Selo limodzi la gulu A likhoza kukhala ndi zizindikiro za A pafupifupi 1 miliyoni, pamene za Rhesus D zimangokhala pakati pa 10,000 ndi 30,000. Kuwonjezera apo, chizindikiro cha Rhesus ndi puloteni yomira m'khungu la selo, pamene A ndi B ali pa maunyolo a shuga osomphokera kunja. N'chapafupi kubisa chitsa mu udzu kusiyana ndi kubisa mtengo wautali. Chifukwa cha ichi PEG imabisa bwino Rhesus ndi zizindikiro zing'onozing'ono zija, koma A ndi B siwabisa kotheratu. Ndipo pa nkhani ya A ndi B kubisa mwatheka sikukwanira, popeza alonda ake ali kale m'magazi ndipo ndi aukali.

Chopunthwitsa chachiŵiri chimabwera munthu akafuna kuthetsa choyambacho pochulukitsa chobvala. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndipo masiku onsewo limadzipinda kuti lidutse m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. M'kapamba muli timipata topapatiza koposa, timene ntchito yake ndi kusefa maselo okalamba ndi ouma. Selo lobvekedwa polima yochuluka limataya kufeŵa kwake, kapena khungu lake limawonongeka ndi mankhwala omangirira aja, ndipo kapamba amalichotsa masiku ake asanakwane. Choncho chobvala chopyapyala sichibisa mokwanira, ndipo chochindikala chimafupikitsa moyo wa selo. Ntchito yambiri ya zaka zapitazi yakhala yofunafuna muyeso wapakati.

Chopunthwitsa chachitatu ndicho chodabwitsa koposa. Poyamba anthu ankakhulupirira kuti thupi siliiona PEG konse. Pambuyo pake kunadziŵika kuti anthu ambiri athanzi ali ndi alonda odana ndi PEG imene, mwina chifukwa chokumana nayo m'zodzola ndi m'mankhwala. Madokotala anaona kuti mwa ana ena olandira Oncaspar amene anali ndi alonda otere, mankhwalawo ankatha msanga m'magazi. Nkhaniyi inamvekanso kuyambira mu 2020, pamene akatemera aŵiri a Covid-19, wa Pfizer ndi wa Moderna, anagwiritsa ntchito PEG pang'ono pokuta timibulu tawo ta mafuta, ndipo akatswiri anaiganizira PEG pofufuza za anthu oŵerengeka amene matupi awo anadana ndi katemerayo. Tanthauzo lake n'lakuti chobvala chimene chinasokedwa kuti chibise mlendo chikhoza kukhala chomwecho chimene alonda am'zindikirira nacho.

A sayansi sanagwe mphwayi. Ku Vancouver, pa University of British Columbia, Jayachandran Kizhakkedathu ndi anzake ayesa polima ina yotchedwa polyglycerol, imene m'malo mokhala unyolo woongoka ili ndi nthambi zambiri ngati chitsamba. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Zhejiang ku China analengeza kuti anakuta maselo ofiira ndi kaukonde kofeŵa, kopyapyala kwambiri, kamene kanabisa chizindikiro cha Rhesus D poyesa pa nyama. Kwa iwo nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ku China anthu a Rhesus negative sakwana mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo magazi awo amasoŵa zedi.

Palinso kusintha kwa njira yomangirira. Mankhwala a mu 1997 ankagwira puloteni iliyonse imene akumana nayo, ngakhale imene selo likuifuna pa ntchito yake. Carolyn Bertozzi wa ku America anapeza njira yodyetsa maselo shuga wokhala ndi kangowe kapadera kotchedwa azide. Selo limatenga shugayo ndi kumuika lokha pa khungu lake, ndipo pambuyo pake munthu akhoza kukoloŵeka pa kangoweko chinthu chimene akufuna popanda kusokoneza china chilichonse m'selomo. Chifukwa cha ntchito imeneyi iye analandira mphotho ya Nobel mu 2022 pamodzi ndi Morten Meldal ndi Barry Sharpless. Mu 2017 gulu lina la ku Santa Barbara, m'chigawo cha California, linasonyeza kuti polima ikhoza kumeretsedwa pa khungu la selo lamoyo mothandizidwa ndi kuŵala, selolo osafa. Njira zotere zimayenera makamaka maselo amene amadya ndi kukula, ndipo zatsegula khomo la kubveka maselo a mitundu ina kuwonjezera pa ofiira.

MATENDA A SHUGA

Si magazi okha amene nkhaniyi ikukhudza. Kuseri kwa chifu kuli chiŵalo chotchedwa pancreas, ndipo m'menemo muli timagulu ta maselo topanga insulini. Mwa odwala shuga wa mtundu woyamba, amene kaŵirikaŵiri amayamba paubwana, chitetezo cha thupi chimawononga maselo ameneŵa, ndipo wodwalayo ayenera kubayidwa insulini tsiku lililonse. Maselo a munthu wina akhoza kuikidwa m'thupi mwake, monga anasonyezera madokotala a ku Edmonton m'dziko la Canada mu 2000, koma wodwalayo amayenera kumwa mankhwala ofoola chitetezo moyo wake wonse, ndipo mankhwalawo amam'siya poyera pa matenda ena.

Mu 1980 Franklin Lim ndi Anthony Sun anatsekera maselo opanga insulini m'timibulu ta polima yotchedwa alginate, imene imachokera ku zomera za m'nyanja ya mchere. Atawaika m'makoswe odwala shuga, shuga anatsika kwa milungu iŵiri kapena itatu. Mfundo yake ndi yomwe ija ya ukonde: shuga aloŵe, insulini ituluke, alonda atsale kunja. Chimene chalepheretsa njirayi mwa anthu n'chakuti thupi limamanga chipsera kuzungulira kam'bulu kachilendoko, ndipo maselo a m'kati amafa posoŵa mpweya. N'chifukwa chake ena tsopano akuyesa chobvala chopyapyala cha PEG chomamatira pa maselo enieniwo. Kufunika kwa chobvala chotere kunaonekanso mu 2025, pamene kunalengezedwa kuti odwala 10 mwa 12 amene analandira maselo opanga insulini okuliridwa m'labotale analeka kubaya insulini patatha chaka, koma onsewo anafunikabe mankhwala ofoola chitetezo.

KUMETA KAPENA KUBVEKA?

Njira ya kumeta nayonso ili ndi mbiri yake. Mu 1982 Jack Goldstein wa ku New York Blood Center anagwiritsa ntchito enzayimu yochokera ku nthanga zaziŵisi za khofi podula shuga wakunsonga wa gulu B, maselowo nakhala ngati a gulu O. Koma pankafunika enzayimu yambiri, ndipo gulu A linakanika. Mu 2007 gulu lotsogozedwa ndi Henrik Clausen linapeza maenzayimu amphamvu m'mabakiteriya, ndipo mu 2019 Stephen Withers ndi Peter Rahfeld a ku Vancouver anapeza ena aŵiri m'mabakiteriya okhala m'matumbo a munthu, amene amameta gulu A mosabvuta. Mu 2022 madokotala a ku Toronto anayesa maenzayimu ameneŵa pa mapapo a munthu ali kunja kwa thupi, ndipo impso ija tinaitchula poyamba inatsata njira yomweyi.

Tikaziika pambalipambali, njira ziŵirizi sizikulimbana ayi, koma iliyonse ili ndi mphamvu pamene inzake yafooka. Enzayimu imadula shuga wa A ndi B, amene polima ikulephera kum'bisa, koma singamete Rhesus kapena Kidd popeza ameneŵa ndi mapuloteni olukana ndi khungu la selo. Polima imabisa bwino zizindikiro zomira zoterezi, ndipo imabisa zambiri nthaŵi imodzi popanda kufunsa maina awo. Maganizo athu ndi akuti ngati magazi oyenera aliyense adzapezeke, adzafunika njira zonse ziŵiri. Tiganizanso kuti oyamba kupindula ndi polima sadzakhala anthu onse, koma odwala oŵerengeka aja amene matupi awo aphunzira kukana magazi ambiri. Kwa munthu wotere, magazi ofanana naye pa A, B ndi O, amene zizindikiro zake zing'onozing'ono zabisidwa, akhoza kukhala kusiyana kwa moyo ndi imfa, ngakhale maselowo atakhala masiku ochepa kuposa 120.

NANGA IFE KUNO KWATHU?

Pano tiyenera kulankhula mosabisa. Chobvala cha polima sichipanga ngakhale dontho limodzi la magazi. Chimangosintha magazi amene munthu wina wapereka kale. Malinga ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, magazi amaperekedwa nthaŵi zoposa 118 miliyoni pa chaka, koma magawo 40 pa 100 alionse amaperekedwa m'maiko olemera, m'mene mumakhala anthu 16 okha pa 100 alionse a pa dziko lapansi. M'maiko olemerawo magazi amaperekedwa nthaŵi zoposa 30 pa anthu 1,000 alionse, pamene m'maiko osauka ndi nthaŵi pafupifupi 5 zokha. Choncho bvuto lathu loyamba ndi kuchepa kwa matumba enieniwo, ndipo kusiyana kwa magulu kumabwera pambuyo.

Kuno ku Malaŵi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003 kuti lizisonkhanitsa magazi kwa anthu opereka mwaufulu, kuwayeza ngati ali ndi HIV, matenda a chiŵindi ndi chindoko, ndi kuwagaŵira zipatala. Gawo lalikulu la magaziwo limachokera kwa ophunzira a m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji. Tanthauzo lake n'lakuti sukulu zikatsekera, nkhokwe zimayamba kuphwa. Tchuthi cha December chimagwa pamene mvula yayamba ndipo malungo akuchuluka, nyengo imene ana ambiri amafuna magazi. Ndiponso magazi si chimanga choti n'kusungidwa m'nkhokwe chaka chathunthu. Maselo ofiira amasungika milungu isanu kapena isanu ndi umodzi yokha, ndipo amafuna firiji yozizira pakati pa madigiri 2 ndi 6 usana ndi usiku.

Sitikunena kuti sayansi ya polima ilibe phindu kwa ife. Chipatala chaching'ono chakumudzi chimene chingasunge matumba ochepa okha chikadapindula kwambiri ngati thumba lililonse likadayenera wodwala aliyense. Ana athu odwala sickle cell nawonso akadapindula. Koma gawo lililonse lowonjezedwa pa thumba la magazi limafuna mankhwala, makina otsukira maselo, magetsi odalirika ndi anthu ophunzira, ndipo zonsezi zimakweza mtengo. Tinaona m'mene mankhwala otalikitsa moyo a HIV, amene anayamba kupulumutsa anthu m'maiko olemera mu 1996, anachedwera kufika kwa odwala athu mpaka 2004 pamene anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Palibe chifukwa choganizira kuti magazi obvekedwa polima adzayenda ulendo waufupi kuposa umenewo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chimene tili nacho pamphuno lero ndi mkono wa munthu wopereka magazi.

Apa ndi pamene aphunzitsi ali ndi udindo waukulu. Tonse tikumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinabuka mu 2002 ndi kubukanso mu 2017 m'maboma a kum'mwera monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mpaka anthu osalakwa anaphedwa. Kumene anthu amaopa za magazi motere, wobwera kudzapempha magazi amalandiridwa ndi maso okayika. Mantha amakula pamene palibe wofotokoza. Mphunzitsi amene afotokozera ana ake kuti thumba limodzi ndi mamililita pafupifupi 450 mwa malita pafupifupi 5 amene ali m'thupi la munthu wamkulu, kuti thupi limabweza magaziwo pa milungu yoŵerengeka, ndi kuti magaziwo amapita kwa mayi wobereka kapena mwana wodwala malungo, wachita ntchito imene labotale ya ku Vancouver singathe kutichitira. Ndipo tsiku limene magazi osinthidwa ndi mankhwala adzafike m'zipatala zathu, adzafuna anthu omvetsa chimene chachitidwa pa maselowo, kuti mphekesera isadzatsogole.

Kwa inu achinyamata amene mwangomaliza sukulu tili ndi mawu aŵiri. Oyamba ndi akuti ambiri a inu munapereka magazi pamene galimoto ya osonkhanitsa magazi inafika pa sukulu panu, koma mutachoka pa sukulupo munaleka, popeza galimotoyo sikutsatani kumudzi kapena kuntchito. Munthu wathanzi akhoza kupereka magazi kangapo pa chaka, ndipo wopereka mobwerezabwereza ndiye amene nkhokwe imadalira, makamaka m'miyezi ya tchuthi. Dziŵani gulu la magazi anu, ndipo funsani ku chipatala chapafupi kumene mungapereke. Mawu achiŵiri ndi akuti nkhani yonse imene taifotokozayi yamangidwa pa maphunziro amene munawapeza m'kalasi: maunyolo a mapolima, mapuloteni, shuga ndi maenzayimu. Abuchowski anali wophunzira chabe pamene anagwira ntchito imene inabala mankhwala a mu 1990. Dziko lino likufuna akatswiri a m'malabotale a zipatala odziŵa kuyeza zizindikiro za magazi kupitirira A, B ndi Rhesus, pakuti popanda iwo sitingadziŵe n'komwe kuti ndi odwala ati amene chobvala cha polima chingadzawathandize.

M'gawo lotsatira tidzaona za kuyesa kukulitsa maselo ofiira m'labotale, ntchito imene mu 2022 inafika poyesedwa mwa anthu ku England, ndipo tidzafunsa ngati imeneyo ingadzathetse kuchepa kwa magazi kumene polima yalephera kukuthetsa.